Mlandu wa Mkonono wa a Silvano

A Madalena anali munthu wamantha, ndipo ku Lifidzi aliyense ankadziwa. Mdzukulu akakwera mtengo wa mapichesi, iwo amakhala ali kale pansi pake, manja m'mwamba. Mlendo akamatsazika ankamuperekeza ndi machenjezo mpaka pamsewu: pamlatho pamaterera, galu wa pasitolo amaluma mwakachetechete, madzi a pachitsime cha kumunsi asamwe. Koma mantha oposa onse anawadzera ndi mkonono wa amuna awo, a Silvano.

Mkononowo sunali wachilendo ayi. Anaumva zaka makumi anayi za ukwati mpaka anauzolowera ngati mvula ya padenga. Chachilendo chinali kudukiza kwake. Chisiyireni a Silvano kupalasa njinga ya kachewere kupita ku Kalomwe, thupi linabwera, khosi linafupika, ndipo mkonono unkati ukalira, ukalira, kenaka zii! Chifuwa chili duu. A Madalena ankadikira, kudikira, mpaka kulephera kupirira, n'kuwatsina pantchafu. Bambowo ankadzidzimuka, kukoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi, kung'ung'udza pang'ono, n'kugonanso. Kusanache kutsina kunkakwana kakhumi, mwina kuposa.

Ndiye a Silvano anatopa, naitanitsa ankhoswe.

Linali la Mulungu, anthu atabwera ku misa, atadya. Pabwalo panayalidwa mphasa ndi mipando itatu. Kuchikazi kunabwera a José, mlongo wawo wa a Madalena, munthu wanthabwala wochotsa ulemu. Kuchimuna kunabwera a Ezequiel, mng'ono wawo wa a Silvano, amene anagwira unamwino ku Ulongwe mpaka kupuma pantchito.

A Silvano anapinda mwendo wa buluku mpaka pamwamba pa bondo.

"Taonani nokha. Ntchafu ya munthu iyi, kapena ya nkhanga?"

A José anasuzumira, naomba m'manja. "Aaa, alongo! Mano anatha, koma zikhadabo zikadalipo? Pa ukalamba uno mwayambanso chibwana cha pa chinkhoswe?"

"Musaseke, alamu," anatero a Silvano. "Ine ndikupempha chinthu chimodzi. Ukwati sindikuthetsa. Koma mundilole ndizigona m'kanyumba kosungira kachewere, ndekha, chitseko chotseka m'kati. Ndipumeko."

A Madalena anatembenuka kuyang'ana kukhola. Kanyumba kaja kali kuseri kwa khola la nkhumba. Munthu atasiya kupuma mmenemo, angamve ndani? Mawa lake n'kumathyola chitseko, basi.

"Alamu, mwamva dandaulo," anatero a Ezequiel. "Mumawatsiniranji akuluwa?"

"Amafa."

"Amatani?"

"Amafa, alamu. Ine n'kuwabweza. Mpweya umachoka, munthu amangoti ndwii, kukamwa yasa. Ndikapanda kutsina mudzamva nkhani. Ine ndanena."

A José anaseka mpaka chipewa chinagwa. "Wakufa wanji womaliza mbale ziwiri za nyemba? Ine ndamuona lero ndi maso angawa!"

"Auzeni!" anatero a Silvano. "Mkonono ndi wa munthu wokhuta, wopanda nkhawa. Bambo anga ankaliza mkonono womveka kutsidya kwa dambo."

"Nanga anafika zaka zingati?" anafunsa a Madalena.

A Ezequiel anakhosomola, nati mwambo wake ndi woti ankhoswe apite padera akagwirizane chonena. Asananyamuke, a José analoza mlongo wawo ndi chala.

"Inu, mpaka tibwere, manja anuwo muwakhalire. Mlandu uli m'kati, simukhudza munthu."

A Madalena anawakhaliradi manja awo. Ankadziwa kale kumene nkhani ikupita. Amuna akapita kuseri kwa khola, amabwerako ndi mawu a mwamuna mnzawo. Kuchokera pomwe anakhala ankamva a José akuti, "Muloleni mkuluyu akagone ndi kachewere wake, mlongo wangayu anabadwa akuopa ndi mthunzi wake womwe."

Dzuwa la mu Julaye linali lofunda bwino pamsana, kamphepo kakuwomba kuchokera kumapiri. Nyemba zinali m'mimba. A Silvano anatsamira khoma, natambasula miyendo, naika chipewa pamphumi. Posakhalitsa mkonono unayamba, wamphamvu, mpaka nkhuku imene inkatola nyenyeswa inasuntha.

Unalira, unalira. Kenaka zii.

Zala za a Madalena zinayamba kuyabwa pansi pa chitenje. Anatsala pang'ono kudumpha. Koma atsina pamaso pa ankhoswe, mlandu wawagwera. Anaitana motsitsa mawu:

"Alamu! A José! Bwerani msanga, koma musapange phokoso. Dzaoneni munthu wanu wokhuta."

Awiriwo anabwera monyang'ama. A Ezequiel anawerama, nayang'ana chifuwa cha mkulu wawo, natulutsa telefoni kuti aone nthawi. Chifuwa chinkakoka ngati chikufuna mpweya, koma pakhosi panalibe chodutsa. Milomo inayamba kuda.

"Masekondi khumi ndi asanu," ananong'ona a Ezequiel. "Makumi awiri."

"Alamu!" anatero a José, nthabwala zitawathera. "Alamu Silvano!"

"Makumi atatu."

"Mayi Maria!" A José sanadikirenso. Anagwira ntchafu ija ndi zala zawo zolimira, natsina ndithu kutsina kwa mwamuna.

A Silvano anadumpha, mpweya n'kulowa ndi phokoso ngati mvuu. "Mwaona? Mwaona? Pamaso panu pomwe! Mayi ameneyu..." Anayang'ana kumphasa. Akazi awo anali patali, atakhalira manja awo. Dzanja limene linali pantchafu pawo linali la nkhoswe.

A Madalena anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, mpaka kugwira nthiti, ndipo a José anakhala pansi pafumbi n'kumaseka nawo, akupukuta thukuta.

A Ezequiel anadikira kuti phokoso lithe, nakokera mpando pafupi ndi mkulu wawo.

"Achimwene, alamuwa sakunama. Nthendayi ilipo, ndinkaiona kuchipatala. Mukagona chagada, njira ya mpweya imatsekeka pakhosi. Magazi amasowa mpweya, mtima n'kumathamanga ngati mukukwera phiri ndi thumba, pomwe inu mukuti mukupuma. N'chifukwa chake mumagona pa misa, padiri asanamalize n'komwe uthenga."

"Ndimakhala ndikusinkhasinkha mawu," anatero a Silvano, koma mawu awo anali atachepa.

"Ndipo si mtima wokha. M'thupi mwathu muli tizingwe tosaoneka ndi maso, tosunga malangizo a thupi lonse. Kunsonga kwake kuli zotetezera, madotolo amati matelomero. Zili ngati mkombero wa lichero. Mkombero ukamadyeka, nsungwi zimayamba kusomphoka. Umadyeka ndi ukalamba, inde, kwa tonsefe. Koma ofufuza akuti mwa anthu obanika kutulo chonchi umaoneka kuti ukudyeka msanga, ndipo akukayikira kuti apo ndi pamene matenda a mtima, mwinanso khansa, amapezera polowera."

"Khansa!" A Madalena anagwira kumutu. "Ndinanena ine! Sindinanene?"

"Khansa simunanene, alongo," anatero a José. "Munanena za galu wa pasitolo."

"Alamu, musalire maliro munthu ali moyo," anatero a Ezequiel. "Sindinati ali nayo. Ndati khomo tilitseke. Mawa ndiwatenga pa mota, njinga yanga yamoto ija, akawayeze tensau, kuthamanga kwa magazi, ndi mtima ku Ulongwe, madotolo anene chochita. Kachasu wa madzulo watha. Njinga ija aitsitse kudenga, mimbayi ichepe. Ndipo azigona chammbali. Mutenge kamisa yakale, malaya oti savalanso, musokerere chitsononkho kumsana kwake. Akafuna kugona chagada, chitsononkho chiziwabweza."

"Ndiye kuti m'malo mwa zikhadabo mwandipatsa chitsononkho," anadandaula a Silvano. "Ankhoswe ake ndi amenewa?"

"Za kanyumba ka kachewere zija bwanji?" anafunsa a Madalena. Ndi zokhazo zimene ankafuna kumva.

A José anaimirira, nakonza jekete ngati woweruza wa ku boma. "Kachewere agone yekha. Mkuluyu sachoka pambali panu. Tagamula."

A Silvano anasisita ntchafu. Kenaka anayang'ana akazi awo, amene maso awo anali ofiira ndi tulo ta miyezi, nafunsa motsitsa, powatchula ndi dzina la mwana wawo:

"Amayi a Júlio, nanga inuyo mumagona nthawi yanji?"

"Ndigone, inu mupite?"

Bambowo anakanda kumutu. Anavula jekete lawo la ku misa, nalipinda, naliika pamphasa ngati pilo.

"Tagonani apa. Ine ndikhala maso. Ndikasinza, alamu anga ali pompa ndi zala zawo."

A Madalena anakana kawiri, kachitatu n'kutsamira. Anayamba kuwauza kuti mawa pa mota avale zofunda, kuti pamlatho a Ezequiel atsike ayende pansi, kuti asadye chilichonse cha pamsewu. Chenjezo lachinayi silinathe. Amuna atatu aja anakhala duu powazungulira, akulankhula monong'ona za mtengo wa feteleza, ndipo nkhuku ikayandikira, a Silvano ankaiingitsa ndi chipewa.