Nkhungu m'galasi la kamera

Atandisudzula kwawo kwa mkazi wanga Dorika ku Nsaru, abale ake anandilola kutenga chinthu chimodzi cha malemuyo, kamera yakale ya filimu imene Dorika ankajambulira maukwati. Ndinayamba kujambula nayo anthu pa Namitete kuti manja asamangokhala.

Koma chithunzi chilichonse chinkatuluka ndi kanthu koyera paphewa pa munthu, ngati wina akusuzumira kumbuyo kwake. Mayi wina anandibwezera chake. "Abambo, ine ndinaima ndekha. Nanga uyu ndani?" Mbiri inamveka, ndipo anthu anasiya kubwera.

Ndinapita nayo kwa Bizwell, wokonza mawotchi pafupi ndi siteji ya minibasi. Anamasula galasi lakutsogolo n'kuliyang'ana padzuwa.

"Si fumbi ili, madala, ndi nkhungu imene yamera m'katimu. Alipo amene anatsegula, n'kuuzira mpweya wa m'kamwa, n'kutseka lisanaume. Ndinu eti?"

Sindinali ine. Dorika ndiye ankatero. Ankati haa pagalasi, kenako n'kupukuta ndi nsonga ya chitenje. Mpweya wake unatsekeredwa m'menemo, ndipo unkamerabe pang'onopang'ono, mwini wake titamuika kale m'manda.

Ndinayamba kufunafuna mawu abwino omuuzira kuti angotseka momwemo, kaya anthu abwere kaya asabwere. Bizwell sanadikire. Anali atanyowetsa kale kathonje ndi sipiliti, ndipo anapukuta galasilo uku akuimba mluzu.

"Basi, mlendo wanu uja wapita," anatero akuseka. "Taimani apo ndiyesere pa inu."

Ndinamuthokoza, poti ntchito anaigwira bwino. Kujambulidwa ndinakana, koma ndinamupempha kuti asataye kathonjeko, andipatse.