Mutu wa Nthanda

Ezelina anali ndi manja oyabwa. Ukakhala kutsogolo kwake m'tchalitchi, ulaliki usanathe umangomva zala zikukonza katsitsi ka kunkhongo kwako. Pa Mtunthama panalibe mkazi wosadziwa khonde lake. Aphunzitsi, akazi a m'magolosale, ngakhale akazi a matenanti a m'maesiteti fodya akagulitsidwa, onse ankakhala pa kampando kake kogwedera kaja n'kuchokapo atatchena.

Koma mtsikanayu analinso ndi mutu wa sukulu. Folomu folo anabwereza ali ndi mwana kumsana, nakhoza bwino, ndipo chaka chimenecho sukulu ina ya unamwino, kutali kumwera, inamuitana kuti akayambe mu Januwale. Zaka zitatu, chogonera komweko. Unamwinowo ankaufuna kuyambira ali wamng'ono, osanama ayi. Vuto linali Nthanda, mwana wake wa zaka zinayi.

"Iwe, mapanga awiri avumbwitsa," anatero Fainala, mnzake wa golosale, yemwe anali ndi kachipinda kamagetsi koti Ezelina atsegulemo saluni. "Undiuze pofika Lolemba. Ukapanda kukatenga ndikapereka kwa wometa."

Amuna ake, a Lemani, mlimi wa fodya wosachedwa kuseka, ankangoti, "Pitani kusukulu, amake Nthanda. Ine ndimalera nazale yathunthu, ndiye mwana mmodzi angandikanike?"

"Mwana si nazale. Nanga mutu wakewu adzaugwira ndani?"

Apo ndiye panali povuta, poti mutu wa Nthanda inalidi nkhani. Kamwanako kankalola amayi ake okha basi. Azakhali ake anayesapo, analumidwa chala. Wina akangotulutsa chipeso, kulira kwake ngati akukazinga. Ezelina ankadandaula pakamwa pokha, mumtima zinkamukomera. Kwa iye umenewu unali umboni woti mwanayu popanda amake sangakhale, ndipo anali atatsimikiza kuti Lolemba akatenga kachipinda kaja.

Loweruka kunali ukwati wa mwana wa mkulu wampingo, ndipo Nthanda anali m'gulu la tiana tovina kutsogolo kwa akwati. Lachisanu madzulo Ezelina anamumasula tsitsi lonse n'kulichapa, kuti m'mawa amuluke mizere yoti anthu akaione. Kutangocha, mnzawo wina anadutsa pa njinga akukuwa kuti lole ya feteleza wa makuponi yafika kudepoti.

Abale inu, amene anakhalako zaka zimenezo akudziwa. Lole ikafika sufunsa kuti lero n'lachingati. Ukachedwa mavenda akokolola yense, iwe n'kutsala ndi kapepala kako m'manja chimanga chikuyezuka m'munda. Kuponi inali m'dzina la Ezelina, ndiye woyenera kuima pamzere anali iye mwini.

"Ndibwera dzuwa lisanafike pamutu," anauza a Lemani akumanga chitenje. "Mwanayu mumusambitse, koma kumutuko musakhudzeko."

Ha, dzuwa lisanafike pamutu! Mzere unachoka padepoti mpaka kukakhota kuchigayo. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, Ezelina akadali chiimire. Kutali ankamva zimkuzamawu za kuukwati zikugunda, mtima wake n'kumagunda nazo. Ankaona m'maganizo mwana wake ali pakona, tsitsi lili nyankhalala, akulira anzake akuvina. Atalandira matumba ake anawakweza pa kabaza, nauza wa kabazayo kuti akatule kunyumba, iye liwiro la kuholo ya ukwati, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze.

Anapeza perekaniperekani ili pakati. Anthu anali ataunjikana malo amodzi, amayi akululutira, azibambo akuseka mpaka kugwira m'mimba. Ezelina anadzipanikiza mpaka kutsogolo, ndipo pakati pa bwalo anaona Nthanda akudula chiuno mu diresi lake loyera.

Koma mutuwo! Mayo ine. Sanali maluko, sichinali chipeso. Tsitsi linali timitolotimitolo toimirira, kalikonse kokulungidwa bwinobwino kutsinde ndi ulusi wakuda, nsonga yake n'kulowetsedwa pakati. Tatitali tinali pakati pa mutu, tatifupi m'mbali, mwa saizi yake. Munthu aliyense wa ku Kasungu akanazindikira ntchito imeneyo ali kutsidya kwa msewu.

"Uyu ndi giredi wani!" anakuwa bambo wina. "Akangofika ku okushoni sabwerera uyu!"

A Lemani anali chapambali, jekete lili paphewa, akuoneka ngati munthu amene mbuzi zake zadya m'munda wa eni.

"Abambo ake Nthanda, mwanayu mwamutani?"

"Nthawi inatha, amake Nthanda. Anayamba kulira kuti anzake aluka. Ine kuluka sindidziwa, ndiye ndinangochita zomwe manja akudziwa."

"Mwamanga mwana wanga ngati fodya?"

"Ndinayamba ndamuwaza timadzi kuti lifewe. Louma limathetheka."

"Mwamuwaza ndi chiyani?"

A Lemani analoza pakamwa pawo. Ezelina anagwira m'chiuno. Kenaka anafunsa chimene chinkamuvuta kwenikweni: "Ndiye sanakulumeni?"

"Ayi. Ndinamukhazika m'chigafa cha fodya, ndinamuuza kuti iye ndi tsamba lapamwamba, asagwedezeke angatsike mtengo. Anangoti phee mpaka kumaliza."

Madzulo ake, dzuwa likulowa, Ezelina anayala mphasa pakhonde, nakhazika Nthanda pakati pa miyendo yake monga mwa masiku onse. Mawa kunali kutchalitchi, ndipo woluka wa pa Mtunthama sakanalola mwana wake kukalowa ndi mutu wa okushoni. Atangogwira kamtolo koyamba, Nthanda anaphimba mutu ndi manja onse awiri.

"Ayi amayi, musamasule! Andimanga ndi ababa."

"Ndikuluka zokongola, mwana wanga, zamikanda."

"Sindikufuna. Mawa andimanganso ababa."

Ezelina anaseka. Anaseka mpaka misozi, ndipo kuseka kutatha misoziyo sinaleke. Zinamupweteka, tisabise. Zaka zonsezi ankati mutu umenewu ndi wake yekha, lero wautaya tsiku limodzi, kwa munthu wowaza madzi ndi pakamwa. Koma pansi pa kupwetekako anamva kupepuka, ngati watula mtolo wa nkhuni womwe anaiwala kuti wasenza.

Anapukuta m'maso ndi chitenje, namusiya mwana kuti azikasewera. Kenaka anamasula duku lake, nakhala yekha pamphasa paja, chipeso n'kuchikweza m'mwamba.

"Abambo ake Nthanda, tabwerani. Khalani pampandopa."

"Ndalakwanso chiyani?"

"Gwirani chipesochi. Muyambira pa mutu wangawu, mzere umodzi kuchokera pachipumi. Simungamange mwana ngati fodya zaka zitatu zathunthu, anthu angandiseke kusukuluko."

A Lemani anaima chipeso chili m'manja, akumuyang'ana. Kenaka anamwetulira mpaka mano onse panja.

"Ndiye Fainala timuuza chiyani?"

"Apereke kwa wometa. Tiyeni yambani, Januwale sali patali. Koma madziwo mutunge m'kapu."