Timitsuko ta Senhor Martinho

Mwalimu Ajibu anayenda masiku awiri kuchokera ku Meponda kupita ku tauni ya Vila Cabral, kamtsuko ka inki atakakulunga m'nsalu. Mwana wawo Issufo, wongokwatira kumene, anali atalembedwa pa ndandanda wa chibalo, ndipo lole yopita ku minda ya khonje inali yoti inyamuke masana a tsiku lomwe anafikalo, Loweruka.

Vila Cabral yense ankadziwa nthenda ya Senhor Martinho, mlembi wamkulu wa boma. Munthuyo anali ndi timitsuko ta inki makumi anayi m'kabati yagalasi, toyera mbee ngati mbale za alendo, tina tamaluwa, tina tamilomo yagolide. Ankatipukuta m'mawa uliwonse, chikondi chimene mkazi wake sanachilawepo.

Kamtsuko ka Ajibu kanabwera ndi agogo awo kuchokera ku chilumba cha Unguja, ndipo mibadwo itatu ya ana a madrasa inaviikamo bango lolembera. Kukapereka kunkawawawa ngati kuzula dzino, koma nanga akanatani?

Anamupeza Martinho pakhonde la nyumba yake, ofesi atatseka kale. Mzunguyo atangoona kamtsukoko, anakalandira ndi manja awiri.

"Ukufuna chiyani, mdala?"

"Dzina la mwana wanga, bwana. Mulifute basi."

"Zimenezo? Kakalata kamodzi kwa kapitawo wa lole, zatha."

Mtima wa Ajibu unakhala pansi. Martinho anasuzumira m'kamtsuko muja, n'kukwinya nkhope. Munali inki yamwaye imene mwalimuyo anasakaniza yekha.

"Anthu inu! Chinthu chokongola chotere mumathiramo zonyansa?"

Anaikhuthulira m'maluwa, n'kutsuka kamtsuko katatu, n'kukapukuta ndi mpango wake. Kenaka anatenga pepala ndi cholembera, n'kuyang'ana uku ndi uku. Anatsegula kabati. Timitsuko tonse makumi anayi tinali touma gwa.

"Muno mulibe inki," anatero mosatekeseka. "Imathimbiriritsa. Ubwere Lolemba ku ofesi."

"Bwana, lole ikunyamuka lero!"

"Ndiye ndilembe ndi chala?"

Ajibu anagwada m'maluwa muja n'kuyamba kufukula ndi zikhadabo, koma dothi linali litamwa kale. Kumsika kunamveka hutala ya lole, kenaka kulira kwa amayi. Misozi inawatsika mpaka m'ndevu, ndipo sanaibise.

Martinho anali atakweza kamtsuko padzuwa, akumwetulira.

"Mdala," anaitana, "kodi kameneka kanalibe chivundikiro?"