Seva ya a Alexio Imapuma Loweruka

Kopaletivi yathu ya mtedza ku Mponela itaganiza zosamutsira kaundula wa alimi pa intaneti, kumene anzathu ophunzira amati kumtambo, ntchito inagwera ine, Eveline wa makompyuta. Funso linali limodzi: munthu akamalowa m'kaundulamo, pasiwedi yake aziitsimikiza ndani?

Ndinawafotokozera a Alexio, manijala wathu, njira ziwiri. Yoyamba, kumtambo kusungidwe kope la mapasiwedi, losokonezedwa moti palibe angaliwerenge. Yachiwiri, mapasiwedi akhale mu seva, kompyuta yaikulu ya mu ofesi mwathu, ndipo mtambo uziifunsa nthawi iliyonse wina akafuna kulowa.

"Yachiwiriyo," anatero osaphethira n'komwe. "Kiyi wa nyumba yako sungasungitse kwa munthu amene sunamuonepo nkhope."

"Koma bwana, seva ikazima palibe angalowe."

"Izimiranji? Si tili ndi sola?"

Zoona, sola inalipo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti a Alexio ankaisamala sevayo ngati ng'ombe ya mkaka. Lachisanu lililonse ife tikaweruka, ankaizimitsa kuti ipumeko, n'kuifunditsa chitenje kuopa fumbi. Zaka zisanu zathunthu! Palibe anadandaulapo, poti Loweruka palibe ankaifuna.

Titasamutsa kaundula mwa njira yawoyo, Loweruka lotsatira, Rakele, mlangizi wathu wa zaulimi, anali ku Kasakula ndi lole ya mbewu. Mvula inali itayamba kugunda kumapiri, ndipo alimi mazana awiri anali pamzere. Wosalembedwa m'kaundula salandira mbewu, ndipo lole inayenera kunyamuka folo koloko.

Foni yanga inalira. Anali Rakele.

"Achemwali, intaneti ikukanatu kundilowetsa! Ikuti sikundidziwa, ine Rakele wa zaka zonsezi."

Ndinathamangira ku ofesi, n'kupeza chitseko chokhoma. Nditasuzumira pawindo ndinaona seva itafunda chitenje bwinobwino. Ndinapsa mtima, ndipo mawu amene ndinalankhula sindingawalembe pano. Kiyi anali m'thumba mwa a Alexio, iwo ali ku ukwati ku Dzoole.

Nditawaimbira foni, anafika pa njinga yamoto ya kabaza, suti ili mbuu ndi fumbi, duwa likadali pachifuwa. Seva inadzuka mwaulesi cha m'ma fili koloko. Rakele atalemba anthu makumi asanu ndi limodzi okha, dalaivala analiza injini.

A Alexio anabwereka foni yanga.

"Rakele, nanga otsalawo ali kuti?"

"Abwerera, bwana. Ena achokera kuseri kwa phiri, analawira mbandakucha wapansi. Mayi wina wandifunsa ngati abwerenso Lolemba."

A Alexio anangokhala pa benchi ya alendo, foni ili m'manja. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndiwalase nawo, koma ndinawamvera chisoni.

"Eveline, tumizani kope lija kumtambo lero lomwe," anatero. "Ndipo mundipezere lole ya Lolemba. Mayi amenewo ndikawapepese ndekha."