Zilembo Zanga pa Tsamba Lachisanu ndi Chiwiri

Nditamaliza sukulu ya zamalamulo ndinayenda chaka ndi theka envulopu ili m'khwapa. Ndinkafuna ntchito imodzi basi, yolemba ndi kuunika mapangano a oyimba ndi azisudzo. M'maofesi ena ankandiseka poyera, ati woyimba sadziwa loya, amadziwa womujambula. Ena ankati tidzakuimbirani, koma foni yanga ikalira ankakhala amayi akufunsa ngati ndadya.

Kenako kaofesi kena ka pamwamba pa sitolo ya nsapato kananditenga mondiyesa kwa miyezi itatu. Mwini wake, mayi wa magalasi okhuthala amene tonse tinkangomuti Madamu, ankaimira kampani ina yojambula nyimbo. Anandipatsa tebulo pafupi ndi makina okopera mapepala otentha ngati mbaula, ndi lamulo limodzi: ukasintha chilichonse papepala, ulembe zilembo zoyamba za dzina lako pambali pake. Ndinazolowera mpaka dzanja linkachita lokha. Kutatsala sabata imodzi kuti miyezi itatuyo ithe, Madamu anandiuza kuti kalata yondilemba ntchito yakonzedwa kale, yangotsala kusainidwa.

Achimwene anga ndi oyimba. Mawu ali nawo, pamenepo sindingawanamizire, koma kuwerenga chinthu chopitirira tsamba limodzi kumawapweteketsa mutu. Loweruka anafika kwa amayi mano onse ali pamtunda, atanyamula pangano lochokera ku kampani yomwe ija. Ndinakana n'kuligwira komwe, poti ofesi yathu ndiyo inalilemba. Amayi anandifunsa ngati anandiphunzitsira kuti ndizithandiza anthu achilendo mlongo wanga akugwera m'mbuna. Ndinagonja.

Pa tsamba lachisanu ndi chiwiri panalembedwa kuti nyimbo zawo zonse, zakale ndi zimene sanapeke n'komwe, zikhala za kampani mpaka muyaya. Ndinakhwatcha mawu awiriwo n'kulemba pamwamba kuti zaka zisanu.

"Pepala ili lisatuluke m'nyumba muno, achimwene. Mukanene ndi pakamwa ngati nzeru zanu. Akadziwa kuti ndine, ntchito yanga yatha."

Analumbira pali amayi, chala chikudutsa pakhosi.

Lachiwiri m'mawa Madamu anandiitana n'kutseka chitseko. Patebulo panali tsamba lija. Pambali pa mawu ndinakhwatcha aja panali zilembo zanga ziwiri, zooneka bwinobwino. Sindinkakumbuka n'komwe kuti ndinazilemba.

Anandifotokozera mosakweza mawu. Achimwene anapemphadi zaka zisanu. Mwini kampani anakwiya, n'kunena kuti oyimba ofuna mwayi umenewu adzaza khonde lake, ndipo anafunsa kuti nzeru zimenezi wawapatsa ndani. Palibe anawagwira pakhosi. Anapisa okha m'thumba la jekete n'kutulutsa tsambalo, amvekere ndi kamlongo kanga kameneka, kamadzimva ndi sukulu yake, ine sindinakatume. Mwini kampaniyo anawapatsa pangano lina losakhwatcha ndipo achimwene anasaina pomwepo.

"Diso uli nalo," anatero Madamu. "Koma loya sadya mbale ziwiri. Tenga zako."

Sanandinyoze, ndipo zimenezo zinandiwawa koposa, chifukwa sanalakwe. Maloya a ntchito imeneyi mumzinda wonse angakwane m'galimoto imodzi. Ndinadziwa kuti pofika Lachisanu onse akhala atamva za mtsikana wothira mavu m'mapangano a abwana ake.

Ndinatsika masitepe nditanyamula kapu yanga ndi mabuku awiri m'jumbo. Ndinaima pakhomo pa sitolo ya nsapato ija n'kuwaimbira achimwene. Ndinkaganiza kuti sayankha chifukwa cha manyazi. Anayankha itangolira kamodzi, kumbuyo kukumveka ng'oma ndi anthu akuseka.

Ndinawafunsa chifukwa chimene anatengera pepalalo. Anati ankaopa kuiwala mawu. Ndinawafunsa chifukwa chimene analitulutsira. Anandiuza kuti ndizimvetsa, iwo adikira zaka khumi, ine ndili ndi digiri, ntchito sizingandisowe. Mtima unandiwawa. Munthu amene ankandiperekeza kusukulu atandigwira dzanja anandigulitsa osanenerera n'komwe mtengo.

"Usadandaule, iwe," anatero. "Nyimbo zikangotchuka, ndidzafuna loya wondichotsa m'pangano limeneli. Ndidzakutenga iweyo."

"Simungatulukemo, achimwene. Chitseko chinali chimodzi chokha, tsamba lija, ndipo mwakachipereka nokha."

Anaseka, n'kunena kuti akuwaitana kuti akajambule.