Madeya Oyanika pa Thandala

Mayi Matilda a ku Lungwena anali ndi mdani mmodzi, ndipo mdaniyo anali chuku. Anakalambira pa ntchito yoyanika usipa, ndiye chilichonse chochita mbuu ankathamanga nacho padzuwa asanafunse mwini wake. M'kamwa mwawo munalibe mabuleki.

Ana awo aamuna onse anathera ku Joni, kupatula Raymond, chitsiriza. Iyeyu anakana nyanja, nalima dimba la tomato. Koma tomatoyo ankati akayamba maluwa n'kufota, ukazula n'kupeza mizu yatupatupa timfundo. Raymond ananena poyera kuti akalephera chaka chimenecho, nayenso atsatira akulu ake. Mawu amenewa ankawasowetsa tulo mayi ake, ngakhale sankaonetsa.

Mlangizi wa zaulimi, mayi Elina, ndiye anamuuza kuti olakwa ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, tolowa m'mizu. Anamupatsa chuku china choti achiwete m'madeya. Raymond anafika kunyumba akumwetulira.

"Amama, chuku ichi chimatcha timisampha m'dothi. Kanyongolotsi kakadutsa, chimakakola n'kukadya."

"Iii, ndakalamba ine!" anaseka mayi Matilda. "Anzako akuweta mbuzi, iwe chuku? Ukachimanga chingwe chanji?"

Kuyambira pamenepo mnyamatayo sanawauzenso kanthu za dimba, ndipo thumba la madeya analibisa kuseri kwa mtsuko, pozizira.

Sabata ina Raymond atapita ku maliro ku Malindi, mayi ake akusesa analipeza thumbalo. Kulitsegula, madeya onse ayera ndi ulusi wa chuku, anyowa, akununkha. Anakumbukira ndithu kuti ndi ziweto za mwana wawo zija, ndipo sanafune kuzitaya. Anangoona kuti zikuwola, mwana wamwamuna sadziwa kusamala zinthu. Anamwaza madeyawo pa thandala la usipa, padzuwa la mu Okutobala lija loti ngakhale galu sayenda pamchenga. Anawatembenuza bwinobwino mpaka atauma gwaa, n'kuwabwezera m'thumba. Sananene, poti ntchito zotere mayi salengeza.

Raymond atabwera anadabwa kuona chuku chachepa. Anawaza timadzi, nakathira madeyawo m'mapando, naokera tomato wake.

Mbewu inaphuka bwino, mtima wa mayi Matilda unakhala pansi. Maluwa atayamba, masamba anagwa nkhope ngati kale. Tsiku lina masana anamupeza mwana wawo atakhala pamzere, muzu wotupa uli m'manja.

"Ndinachita zonse zimene a Elina anandiuza," anatero Raymond. "Anati chisaume, chisaone dzuwa, chimafa. Ndinachisunga pamthunzi ngati khanda. Kudimba kwa anzanga a Bilal chagwira ntchito, tomato wawo ali gwa. Ndiye kuti dothi lino landikana ine."

Mayi wolongolola uja, amene ankayankha ngakhale wansembe ali pa guwa, sanaulule zimene anachita. Anachita manyazi, ndiponso mantha kuti mwana awada. Anati anena mawa. Mawa linabala mawa linzake, uku Raymond akugulitsa keni yothirira, khasu ndi njinga.

Anadzanena m'mawa wa ulendo, chikwama chili kale pakhonde.

"Mwanangu, khala pansi. Dothi silinakukane. Chuku chako ndinapha ndine. Ndinachiyanika pa thandala uli ku Malindi. Pita kwa a Elina akakupatse china, ine sindidzakhudzanso."

Raymond anawacheukira. Mayi ake anadikira ukali, ndipo akanaulandira ndi manja awiri. Koma iye anaseka pang'ono, mwachisoni, n'kuwagwira paphewa.

"Amama, mpaka kudzinamizira mlandu kuti ndisapite? Bwenzi mutanena kalekale, inu simusunga mawu m'kamwa. Musadandaule, ndizikuimbirani."

"Ndikunena zoona, Mulungu akuona!"

"Ndamva, amama."

Ananyamula chikwama nalunjika kumsewu, kumene galimoto ya ku Mangochi inali kuliza hutala. Mayi Matilda anamutsatira opanda nsapato, akulumbira, akutchula tsiku, akufotokoza mmene anatembenuzira madeyawo. Raymond anakwera, natulutsa mutu pawindo, nauza mayi wina woyandikana nawo nyumba kuti aziwayang'anira amayi ake, chifukwa ayamba kulankhula zosamveka.