Tsiku Lomwe Amiri Anabwereka Umphawi

"Mpango uwu ukuwala kwambiri, auchotse," anatero Sabrina, mayi wa kamera, akuloza kumutu kwa amayi anga ngati akusankha chambo pamsika.

Ndinayang'ana mlongo wanga Amiri, kudikira kuti amudzudzule. Iye anali kalikiliki kupinda manja a shati.

Amiri ndi wamng'ono kwa ine, ndinamuberekapo kumsana. Anaphunzira za chuma mpaka kunja, nagwira ntchito kubanki ina yaikulu kumeneko, kenako anadzakhala mlangizi wa boma. Atasemphana ndi akuluakulu anayambitsa chipani chake chotsutsa, ndipo chaka chimenecho ankapikisana nawo pa upulezidenti. Kwathu ku Benga anali asanapondeko zaka zinayi. Tsikulo anatulukira ndi magalimoto asanu, ati kudzajambula kanema wa kampeni.

Nyumba ya amayi ya njerwa zootcha, yomwe anamanga iye mwini, sinawakomere. Anasankha kanyumba kopendekeka ka a Hamza, oyandikana nafe, momwe ankagonekamo mbuzi.

"Iwe Amiri, wapenga? Amayi akakhale m'khola?"

"Achemwali, tsitsani mawu," anandinong'oneza akumwetulira anthu. "Palibe angavotere mwana wa m'nyumba ya malata. Ndi mphindi khumi zokha."

Nthawi imeneyo amayi anali atayamba kuiwalaiwala. Mayina athu ankawasokoneza, koma swala, pemphero lawo la Chisilamu, sankaiphonya. Anawafunditsa chitenje chothaitha, nkuwakhazika pamphasa yodyeka ndi chiswe. Fungo la mikodzo ya mbuzi linkalasa m'mphuno. Kumzikiti atayamba kuitanira swala ya masana, amayi anagwira khoma kuti adzuke.

"Dikirani kaye, amayi." Amiri anawakanikiza paphewa. "Dzuwa lingatipitirire."

Kamera itayaka, anagwada nkuwagwira manja onse awiri. Chichewa chake chinabwerera mwakale, chakunyanja kuno, chomwe anachitaya kalekale.

"Ndinabadwira m'nyumba iyi," anatero. "Ine njala sindinaiwerenge m'buku ayi."

Misozi inatsika. Sabrina anati tambala walira pakati, abwereze. Anabwereza katatu, ndipo katatu konseko misozi inkayambira pa mawu omwewo, akuti njala.

Atamaliza anaimirira, wina nkumuthira mankhwala m'manja. Anapukuta chala chimodzichimodzi, foni ataipana ndi phewa, akuseka m'Chingerezi. Ine ndinathamangira kuseri kwa khola, ndinasanza.

Nkhuku yomwe ndinamuphera sanailawe. Magalimoto atachoka ndinawasambitsa amayi kawiri, ndikuwachotsa utitiri m'tsitsi.

Pasanathe milungu itatu, kanemayo anali pafoni ya aliyense. Anzanga kumunda wa mpunga anayamba kundiyang'ana cham'mbali, mpaka mlamu wanga Iness, wochokera ku Dwambazi, anandifunsa maso ndi maso: "Mwajuma, zoona amayi mumawagoneka ndi mbuzi?" Ine amene ndinkawadyetsa, kuwachapira, kuwanyamula! Ndinamuimbira Amiri kuti auze anthu zoona. Anayankha mlembi wake, nati a Dokotala Amiri ali pamsonkhano. Pachisankho Amiri anakhala wachitatu. Chala changa sindinakachiviike mu inki.

Koma chomwe chimandiyendabe m'mutu ndi masana ena, mavoti asanafike. Tinkadya pakhonde pomwe a Hamza anatulukira ndi foni, akusekerera kuti khola lawo latchuka dziko lonse. Ndisanawaletse, anali atawaikira kale amayi kanemayo patsogolo.

Amayi anasiya kutafuna. Anawerama, nayang'ana nthawi yaitali nkhalamba ija itakhala pamphasa, bambo wa shati loyera akulira pamaondo pake.

"Mwajuma," anatero motsitsa, "agogo awa ndi a kwa yani? Alibe ana?"



Amayi anakankha mbale yawo ya mpunga pang'onopang'ono, mpaka inakagunda foni ija.

"Apatseni adye."